Likongwe ndi Mafuta a Nkhuku za Mfumukazi

Panangokhala, ndipo inu muzivomera chamumtima pomwe mwakhalapo, mfumukazi ina dzina lake Nyalubwe. Mayi ameneyu atatopa ndi kuthamangitsa agwape, amene ndiponso anali anthu ake omwe, analamula kuti pamangidwe khola lalikulu la nkhuku zandiwo. Zinali nkhuku zoyera, zokula msanga. Masabata asanu ndi awiri okha, mwanapiye wasanduka ndiwo.

Woyang'anira kholalo anali Nduna Njiri, bambo wa fodya wamphuno ndi mawu ambiri. Posankha tambala wa mbewu, a Njiri anali ndi njira imodzi basi. Ankagwira tambala m'mapiko, n'kutsinzina, n'kumukweza ndi kumutsitsa katatu. Wolemera kuposa anzake ndiye ankatsala kuti abereke, enawo ku mpeni. Matadzi nawonso chimodzimodzi. Anachita zimenezi zaka ndi zaka mpaka anapeza tambala wawo wapamtima, dzina lake Dzandi, amene ankati akayenda pang'ono n'kukhala pansi kuti apume. Panalinso tambala wina wamiyendo itaitali, Msongolo. Ameneyu a Njiri ankangomusungira alendo wamba.

Tsono panali Likongwe. Likongwe mukumudziwa: wamng'ono, wowonda, wamsana wautali, ndipo pa nkhani ya nkhuku manyazi alibe. Khola limeneli ankalidziwa kuposa mwini wake. Ankabisala pafupi kuyambira m'mawa n'kumayang'ana kuti tambala uti wakwera thadzi liti, dzira laikiridwa m'chisa chiti, anapiye awa aswedwa ndi yani. Dzuwa likafika paliwombo, alonda akayamba kuwodzera, iye ankalowa, kugwira imodzi, ulendo. Sankaba mwachisawawa ayi. Ankasankha, chifukwa chimene iye ankafera pa nkhuku si mnofu, koma mafuta achikasu aja a m'mimba.

Tsiku lina mwayi unamuthera, msampha unamugwira mwendo. Anamutengera kubwalo atamumanga chingwe m'chiuno.

"Amayi, mbava ija nayi," anatero a Njiri. "Ine ndikupempha chikopa chake. Chikwama changa cha fodya chinang'ambika, ndipo msana uwu ndauyeza kale, ukwana bwinobwino."

"Tengani," anatero Mfumukazi osacheuka n'komwe.

Sanacheuke chifukwa mtima wawo unali kwina. Mwana wawo wamkazi anali atapeza mwamuna wa kwa a Mkango, ndipo chinkhoswe chinali chitatsala miyezi isanu. Mukudziwa kuti pachinkhoswe ankhoswe a mbali zonse amang'amba nkhuku yowotcha n'kugawana, anthu akuona. Ndiye tsiku limenelo Mayi Nungu, wophika wa kunyumba yachifumu, anali atawotcha nkhuku imodzi yaikulu yongoyeserera. Ili yamoyo inali nkhuku yoti munthu n'kuigwadira. Itachoka pamoto, mafuta onse atasungunuka, inatsala ngati nkhunda.

"Nungu, ichi n'chiyani?" anafunsa Mfumukazi.

"Ndi nkhuku, Amayi."

"Inali nkhuku. A kwa Mkango ndidzawapatse chimenechi? Adzanyambite mafuta n'kupita kukandiseka kwawo?"

Pamenepo Likongwe anaseka pang'ono. Musaganize kuti analibe mantha. Mpeni unali ukunoledwa iye akumva, koma anaona kuti pakamwa pokha ndi pamene sanam'mange.

"Ukuseka chiyani iwe?" anakalipa Mfumukazi.

"Pepani Amayi, ndangowazindikira malemuwo. Ameneyo ndi mwana wa Dzandi. Banja lonselo ndi lotero. Ndinadya azakhali ake, amalume ake, ndi abale ake asanu ndi mmodzi."

"Tamumvani!" anafuula a Njiri. "Akuvomera yekha!"

"Ndikuvomeradi, a Nduna. Inu nkhuku mumaidziwa kunja, ine ndimaidziwa mkati. Amayi, abweretse nkhuku zitatu zamoyo. Ndikuuzani yamafuta ndi yamnofu popanda kuigwira. Ndikaphonya imodzi yokha, a Nduna asoke chikwama chawo lero lomwe."

Mfumukazi anakweza dzanja, wonola mpeni uja n'kuyamba wasiya. Nkhuku zitatu zinabwera, zofanana msinkhu, zoyera mbee zonse. Likongwe anaima chapatali, anaziyang'ana miyendo ndi nkhope, n'kuyamba nyimbo. Inali nyimbo yofunsa nkhuku za bambo ake ndi mayi ake, ndipo popeza nkhuku siyankha, woimbayo ankadziyankha yekha, kutchula tambala, kutchula thadzi, kubwerera m'mbuyo mpaka kwa agogo. Pothera pa ndime iliyonse ankamenyetsa mchira pansi kawiri. Pofika pa nkhuku yachiwiri amayi a pabwalo anali atayamba kale kuvomera ndi kuwomba m'manja, alonda omwe akugwedeza mapewa mobisa.

"Iyi," anatero atamaliza, "bambo ake ndi Dzandi, mayi ake ndi a banja lomwelo. Mafuta okhaokha. Iyi ndi ya kwa Msongolo kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Mnofu. Yachitatuyi bambo ake ndi Msongolo koma mayi ake ndi mlongo wa Dzandi. Mupeza zapakatikati."

Mayi Nungu anazipha, anazisosola, anazitumbula onse akuona. Yoyamba mafuta anadzaza manja awiri. Yachiwiri tinali timafuta tochepa, chidali chake chodzaza mnofu. Yachitatu inali pakati pa ziwirizo, monga momwe ananenera.

"Mafutawo musataye, Mayi Nungu," anatero Likongwe mwaulemu. "Umenewo ndi umboni. Bweretsani ndiusunge."

Anausungadi, m'mimba.

A Njiri anafwenkha fodya, anayetsemula, n'kuimirira. "Zamwayi zimenezo, Amayi! Mafuta amalowera pakamwa. Nkhuku yadyera ndiyo imanona. Za mtundu zikulowapo bwanji?"

"Ndifunseko, a Nduna," anatero Likongwe. "A Mvuu akhala apowo amadya chiyani?"

"Udzu."

"Nanga a Gwape?"

"Udzu."

"Tawayang'anani awiriwo."

Bwalo lonse linacheuka. A Mvuu, amene anali mkulu wa bwalo ndipo anali akuwodzera mwamtendere, anatsegula diso limodzi. "Ine ndalowamo bwanji m'nkhani ya nkhuku?" anadandaula.

"Pepani akuluakulu, ndangobwereka thupi lanu pang'ono. Nanga ineyo? Mafuta a nkhuku ndayamba kudya ndili mwana, koma tandionani, ndili ngati munsi. Bambo anga analinso chonchi."

Mfumukazi anaseka koyamba tsiku limenelo. Koma a Njiri anali nduna yawo yakalekale, sakanaichititsa manyazi chifukwa cha mawu a mbava. Anagamula kuti a Njiri atenge anapiye a Dzandi, awalere m'njira imene akuti ichotsa mafuta, ndipo pakatha masabata asanu ndi awiri zidzaoneke. Zikadzatuluka zamnofu, chikopa cha Likongwe n'chawo. Podikira tsikulo, Likongwe anamumangirira ku mtondo wa kukhitchini kwa Mayi Nungu.

A Njiri anagwira ntchito, tisawanamizire. Gaga anamuchepetsa ndi theka. M'mawa uliwonse ankathyola nthambi n'kumathamangitsa anapiye aja kuzungulira khola kakhumi, iwo pambuyo wefuwefu, mchira uli m'mwamba. Amene anayamba kuwonda anali iwo eni. Akamaliza ankadzera kukhitchini kudzamwa madzi, ndipo sankaiwala kuyeza msana wa Likongwe ndi chikhatho.

"Usawonde, mwana," ankatero. "Chikopa chingakwinyike."

"Musadandaule, a Nduna, ndikukusungirani bwino."

Tsiku litakwana, bwalo linadzaza. Likongwe anaimba nyimbo yake ija, ndipo ulendo uno anthu anaivomera kuyambira ndime yoyamba. Atamaliza anati, "Zachepa thupi, koma m'mimba muli zomwe zija."

Mayi Nungu anatumbula imodzi. Kankhuku kochepa, chidali chili gwaa, mnofu wolimba woti mano n'kuguluka. Koma m'mimba, taonani, kamtanda ka mafuta achikasu kali phee pamalo pake. Anatumbula yachiwiri, chimodzimodzi.

"Njala yadya mnofu, mafuta yawasiya," anatero Likongwe. "Sindikukana, Amayi, chakudya chimawonjezera ndipo chimachepetsa. Koma nkhuku ya kwa Dzandi ikapeza kambewu kamodzi, thupi lake limayamba lasunga mafuta, mnofu pambuyo. Ya kwa Msongolo imayamba ndi mnofu. Zimenezo imabadwa nazo. A Nduna akamakweza tambala m'manja amamva kulemera, koma manja sangawauze ngati cholemeracho ndi mnofu kapena mafuta. Ndiye chaka ndi chaka akhala akusankha mafuta, n'kumawakwatitsa kwa mafuta anzake."

"Nanga tingadziwe bwanji za mkati mwa tambala osamutumbula?" anafunsa Mfumukazi. "Tambala wotumbula sabereka."

"Tumbulani abale ake, Amayi, a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi. Abale atatu akapezeka amnofu, wachinayiyo musungeni. Kungoti abalewo pafunika wodziwa kuti aziwalawa, ndipo ine, ngakhale ndine wotanganidwa..."

"Wotumbula ndi Nungu, wolawa ndine," anatero Mfumukazi. "Iwe uzingoyang'ana."

A Njiri anali asanagonje. Dzandi anamulera ndi manja awo, ndipo kuvomera kuti tambalayo ndiye gwero la vuto kunali kuvomera kuti ntchito yawo ya zaka zonse inali yolima mafuta. Anapempha mpata womaliza.

"Chabwino," anatero Mfumukazi. "Kwatsala miyezi itatu ndi masiku pang'ono. Khola ligawidwe pakati. A Nduna, sankhani tambala ndi matadzi anu. Iwe Likongwe, sankha ako. Anapiye onse adzadya gaga wofanana, wopima Nungu ndi mbale imodzi. M'mawa wa tsiku la chinkhoswe tidzatumbula. Zako zikadzakhala zamafuta, Likongwe, sipadzakhalanso nyimbo. Zikadzakhala zamnofu, chingwecho ndidzadula ndekha."

A Njiri anatenga Dzandi ndi matadzi olemera. Likongwe anatenga Msongolo ndi matadzi anayi amene abale awo anapezeka amnofu. Mazira anaikiridwa, matadzi anayamba kukhalira.

Apa ndiye panabuka vuto. Likongwe ankaloledwa kupita kukhola m'mawa wokha, masana onse ali ku mtondo. Tsiku lachiwiri anapeza mapazi a ziboda pafupi ndi zisa zake. Tsiku lachitatu anaona a Njiri ataima chapatali, maso ali pa mazira ake, dengu lili m'manja. Mazira a nkhuku amafanana. Munthu atachotsa a Msongolo n'kuikapo a Dzandi, palibe angadziwe kufikira tsiku la mpeni, ndipo tsiku limenelo mpeniwo ukatha nkhuku udzabwera kwa iye. Anachita mantha enieni. Mayi Nungu atamuponyera mafuta masana amenewo, iye anangowayang'ana osadya.

"Wadwala kodi, mwanawe?" anafunsa Mayi Nungu.

Mayi Nungu anali munthu wabwino mtima, koma nkhani m'kamwa mwawo sinkagona. Ukawauza kanthu potsuka mbale, pofika nthawi yoyanika mbalezo mudzi wonse wamva. Likongwe anali atakhala nawo miyezi iwiri, ndiye ankawadziwa bwino. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuwasendera pafupi.

"Mayi, inu mwandisunga ngati mwana wanu. Ndikuuzeni chinsinsi, koma musauze munthu."

"Ine? Ndiuzenso ndani?"

"Za mtundu zija ndinangonena kuti ndipulumuke. Dzira ndi dzira basi. Nkhani yagona pa thadzi lokhalira. Thadzi lonenepa likakhalira mazira limatuluka thukuta lamafuta, thukutalo n'kumalowa m'dzira masiku onse aja. Thadzi lowonda lilibe thukuta limenelo. Nkhuku zija ndinkazilosera bwino chifukwa ndinkadziwa thadzi limene linazikhalira. Mazira angawa munthu atawaba sindingadandaule. Koma matadzi anga anayi aja, Mayi, amenewo ndiwo moyo wanga."

"Kodi!" anatero Mayi Nungu, minga yonse itaima. "Ayi, mwanawe, pakamwa panga ndatseka."

Posakhalitsa anakumbukira kuti mchere watha, ndipo anapita kukapempha kwa akazi a Nduna.

M'mawa mwake Likongwe atafika kukhola anapeza zimene ankafuna. Matadzi ake anayi owonda anali mbali ya a Njiri, atakhalira mazira a Dzandi. Pa mazira ake panali matadzi anayi onenepa, atadzaza zisa mpaka kusefukira. Mazirawo sanakhudzidwe ngakhale limodzi. Likongwe anadzigwetsa pansi, anagubuduka, analira mokweza mpaka nkhuku zinadzidzimuka.

"Mayo ine! Andipha! Amayi, a Nduna andibera matadzi!"

Nkhani inafika kubwalo. A Njiri anafwenkha fodya mosatekeseka. "Amayi, khola ndi langa. Kusuntha thadzi kuchoka chisa china kupita china ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Mazira ake sindinawagwire."

Mfumukazi anamuyang'anitsitsa Likongwe nthawi yaitali. Anaona kuti kulira kunalipo kwambiri koma misozi inali yosowa. Anangoti, "Mazira ali pomwe anali? Ndiye palibe mlandu. Zikhale momwemo."

Tsono a Njiri anayamba kuda nkhawa kuti mwina Likongwe abweza matadzi aja mwakabisira, kapena asamutsa mazira ake kuwachotsa pansi pa matadzi onenepa. Ndiye anatenga mpando wawo n'kuukhazika pafupi ndi zisa za Likongwe. Anakhala pamenepo mpaka tsiku loswa, kuthamangitsa makoswe, kuthamangitsa njoka, osalola ngakhale ntchentche kutera pa dzira. Mlonda wokhulupirika chotero Likongwe sakanamupeza kwina kulikonse. Matadzi onenepa aja nawonso, poti ndi otambalala, anafunditsa mazira bwino kwambiri moti onse anaswa, osatsala ndi limodzi lomwe.

Anapiye anakula, mbali iyi ndi mbali iyo, akudya gaga wa mbale imodzi. A Njiri anagula singano ndi ulusi, n'kumazionetsa kwa aliyense. Likongwe ankayenda chozolika ngati wofedwa, ndipo nyimbo yake ankangoiimba chapansipansi, mawu osamveka. Mayi Nungu anamumvera chisoni, chikumbumtima chikuwadya, moti ankamuwonjezera mafuta tsiku lililonse. Iye ankalandira akuusa moyo.

Tsiku la chinkhoswe linafika. M'mamawa, alendo asanabwere, Mfumukazi anaitanitsa nkhuku zitatu mbali iyi, zitatu mbali iyo.

"Yambani ndi zanga," anatero a Njiri, singano ili kukhutu.

Mayi Nungu anatumbula. Mafuta. Anatumbula ina. Mafuta. Yachitatu mafuta anachita kugwera pansi.

"Sizingatheke!" anakuwa a Njiri. "Zimenezi zinakhaliridwa ndi matadzi owonda! Nungu, si paja munati thukuta..."

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Mayi Nungu anaweramitsa mutu n'kutenga nkhuku ya Likongwe. Likongwe anatseka maso, pakuti ngakhale munthu udziwe chotani, mpeni ukakhala pafupi umayamba kudzikayikira. Mpeni unalowa. Chidali chinali chodzaza, ntchafu zonenepa ndi mnofu, mafuta ochepa ongokwanira kukometsa. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu kuposanso.

Likongwe anatsegula maso, anadzigwira msana ngati akuupatsa moni, n'kuiyamba nyimbo ija mokweza. Anatchula Msongolo, anatchula matadzi anayi amene anaikira mazira, ndipo anawonjezera ndime yatsopano yothokoza matadzi onenepa amene anangobwereketsa kutentha kwawo, ndi nduna imene inalondera mazira a mnzake osagona tulo. Amayi a pabwalo anaimba nthungululu. A Mvuu anaseka mpaka anatsokomola.

"Mwana iwe, unandinamiza!" anatero Mayi Nungu.

"Mayi, paja ndinati musauze munthu."

Chinkhoswe chinayenda bwino zedi. Ankhoswe a kwa Mkango anang'amba nkhuku, anatafuna, anayang'anana, ndipo wamkulu wawo anafunsa ngati kungatheke kupatsidwako tambala mmodzi wa mbewu. Mfumukazi anayankha modzichepetsa kuti ndi tinkhuku wamba ta pakhomo, koma mchira wawo unkavina wokha. Alendo atatsazika, anaitanitsa mpeni n'kudula chingwe cha Likongwe ndi dzanja lawo. Analamulanso kuti kuyambira tsiku limenelo tambala wa mbewu azisankhidwa poona abale ake. Dzandi anamukhululukira chifukwa cha misozi ya a Njiri, koma anati azikhala m'kakhola kayekha. Mazira otsala a banja lake anawaika m'dengu kukhitchini kuti mawa lake awiritsire ana.

Likongwe akanakhala wina akanathokoza n'kuthawa. Koma mimba inamupatsa mtima. Anagwada n'kunena kuti, "Amayi, ine ndasintha. Kuba ndasiya. Popeza nkhuku ndimazidziwa, bwanji mundiike kukhala woyang'anira khola? A Nduna apumeko, akalamba."

"Wanena bwino," anatero Mfumukazi. "Koma wandiphunzitsa wekha kuti amene ukufuna kumusunga m'khola uyambe wafunsa za kwawo. Taimba nyimbo ija. Uyimbe ya iwe mwini."

Likongwe anaimirira. Kunama sakanatha, chifukwa pabwalopo panali akuluakulu odziwa mbiri. Anayamba ndi mawu aang'ono. Nyimbo inafunsa za bambo ake, ndipo iye anayankha kuti anafera mu msampha kuseri kwa khola. Inafunsa za mayi ake, iye n'kuyankha kuti anadulidwa mchira akutuluka ndi msoti pakamwa. Agogo ake aamuna anapezeka atagona m'chisa, nthenga zili kukamwa. Amalume ake, azakhali ake, abale ake atatu a mimba imodzi, onse nkhani yake inali yomweyo. Anthu anavomera nyimboyo kuposa kale lonse, ena akugwa ndi phwete, ndipo amene ankawomba m'manja mwamphamvu kuposa onse anali a Njiri.

"Wamva wekha," anatero Mfumukazi akupukuta misozi ya chiseko. "Chikopa n'chako, pita nacho. Ukafuna kudzatithandiza kusankha mbewu, uzidzaima kunja kwa mpanda n'kumaloza ndi ndodo. Koma za khola iwala."

"Mwagamula bwino, Amayi. Ndiloleni ndikangotsazika Mayi Nungu, anandisunga."

Anapita kukhitchini, anakhalako kanthawi, n'kubwerera kudzatsazika Mfumukazi. Anabwera akuyenda pang'onopang'ono, zigongono atazipanikiza m'nthiti, mutu atazolika. Anagwada mosamala kwambiri. Amayi ena anayamba kunong'onezana kuti mwanayu ulemu waphunziradi. Koma a Njiri, amene anakhala miyezi isanu akuyeza thupi limenelo, anaona kuti m'khwapa monse muwiri mwatupa.

"Amayi!" anafuula. "Munthu amatsazika mfumu osawomba m'manja? Awombe m'manja ameneyu! Akweze manja, awombe tonse timve!"

Likongwe anauma. M'khwapa lililonse munali dzira la kwa Dzandi, mbewu yomaliza ya mafuta achikasu aja. Akangokweza manja, mazira pansi, ndipo singano ya a Njiri inali ikadali kukhutu. Anayang'ana Mfumukazi. Mfumukazi anayang'ana khwapa lakumanja, anayang'ana lakumanzere, n'kuyang'ana nkhope ya Likongwe imene tsopano inali ikutuluka thukuta lenileni.

"Musiyeni apite, a Nduna," anatero. "Akanachoka pano m'khwapa muli mopanda kanthu, ine ndikanayamba kukayikira zonse zimene watiphunzitsa."

Likongwe anadzuka osagwira pansi, anabwerera chafutambuyo mpaka pachipata, ndipo atangopota, anayamba kuthamanga ndi miyendo iwiri yokha, zigongono zili m'nthiti.

Yanga yathera pomwepa. Amene muli ndi khola, kaoneni ngati mwatseka.